Mphuno Yanga Ibwerera Kumgodi

Lolemba, 19 Julayi 2021. Ndeke, Kitwe.

Sabata yachiwiri chibwerere kuntchito. Korona yatha. Chifuwa chatha, miyendo yalimba. Mphuno yokha. Zii.

Lero nyemba zapserera mpaka poto kuda bii, ine ndili pomwepo, ndikusita yunifolomu ya mwana wanga Temwani. Utsi ndachita kuuona ndi maso. A Conrad polowa atsegula mawindo onse, ati kodi m'nyumba muno mulibe munthu? Ndati ndinali pafoni. Bodza, kwa mwamuna wanga yemwe.

Ndanunkhiza zonse za m'kabati. Sopo, palafini, mafuta odzola, kapenta. Ngati kununkhiza galasi. Chakudya nacho ngati kutafuna thonje lothira mchere.

Kuntchito sindinauze munthu. Zaka 11 pansi pa mgodi, kuyeza mpweya, kuona kuti mafani akuukankha mpaka kumathero a ngalande iliyonse. Mkazi woyamba m'chigawo chathu. Ndikangonena, andikweza pamwamba tsiku lomwelo. Pansi paja mphuno ndiye belu. Moto ukabuka amathira sitenchi m'mpweya wotsika, mankhwala onunkha ngati kabichi wowola, kuti ngakhale amene ali kutali, kopanda foni, adziwe n'kuthawira kuchipinda chobisalamo. Wosamva fungo satsika. Lamulo limeneli ndimaphunzitsa ndine kwa obwera kumene.

Gladness, mng'ono wanga, chaka chachinayi cha udokotala ku Ndola, ati ambiri zimabwerera pa masabata atatu. Ine anayi atha. Ndidikirabe.

Lachinayi, 5 Ogasiti.

Ndilemba monga zinachitikira.

Cha m'ma 10 awazi, levulo ya pansi kwenikweni, ngalande yakum'mawa. Mnzanga anali atabwerera kukatenga batire, ndinatsala ndekha ndi choyezera. Tayala la loda, galimoto yonyamula miyala, linagwira moto kumtunda kwa mpweya. Anathira sitenchi. Onse anathamangira kobisala. Ine ndikulemba manambala m'buku, ndikung'ung'udza nyimbo ya kwaya.

Ba Jairus, kapitawo wa shifiti yathu, anawerenga anthu. 41, pofunika 42. Anatuluka kobisala, zomwe lamulo limakana, kudzandifuna. Mamita 400. Ndinangoona nyale ikubwera chothamanga, munthu chopumira chili kukamwa. Anandikoka palamba. Utsi unatikumana panjira, wakuda, wokwawa kudenga. Apo m'pomwe ndinavala changa.

Moto anauzimitsa pa 13 awazi. Palibe wavulala. M'keji, chikepe cha mgodi, pokwera anthu kulavula, kutukwana kununkhako, ati kwalowa mpaka m'mano. Ine ndangoima, mphuno mbee. Ba Jairus anandiyang'ana nthawi yaitali. Pamwamba funso limodzi, kuyambira liti? Ndinati Juni.

"Ndili ndi ana folo, Tryness." Basi. Anapita kukasamba.

A Conrad ndawauza zonse, ndi za nyemba zomwe. Sanakalipe. Bola akanakalipa.

Lolemba, 9 Ogasiti.

Dokotala wa kampani. Timitengo 16 tonga zolembera, kalikonse ndi fungo lake. Ndinapeza tiwiri, nato mongoponya. Kalata: miyezi sikisi pamwamba. Pa 10 Febuluwale bungwe la madokotala lidzandiyezanso, pafunika 12 pa 16. Ndikalephera, za pansi zatha, mwina ntchito yonse. Ina kalata ya chenjezo chifukwa chobisa. Ndasaina osatsutsa. Ndinabisadi.

Andiika kuchipinda cha nyale. Kupereka nyale ndi zopumira pawindo kwa anthu omwe ndinkatsika nawo. Ena moni wachifundo, ena maso pansi. Ba Jairus nambala 217. Atenga nyale, sandiyang'ana.

Agogo anachoka ku Kasungu wapansi kudzakumba kuno. Atate, kalaliki zaka makumi atatu pamgodi womwewu, ankanena kuti mwana wophunzira amakhala pomwe pali windo. Ndinakana windo, ndinasankha pansi. Lero windo landipeza.

Tauni yonse ili pa masankho, mahutala usana wonse. Ine sindikumva kanthu.

Lamlungu, 22 Ogasiti.

Gladness wabwera ndi mapepala. Wakhala pamkeka, wajambula mphuno kuseri kwa kalendala.

Kumwamba kwenikweni, pakati pa maso, kuli kachikopa kakang'ono ngati sitampa. Mmenemo muli mitsempha yomva fungo, ulusi wake umadutsa m'timabowo ta fupa kukafika kuubongo. Mitsempha yambiri m'thupi ikafa, yafa. Iyi ayi. Imafa n'kubadwa ina moyo wonse, chifukwa pansi pake pamagona maselo omwe sanasankhe ntchito. Gladness akuwatchula maselo a mbewu. Pakawonongeka amadzuka, n'kusanduka mitsempha yatsopano.

Ndiye mbewa. Kunja, akatswiri anatenga maselo a mbewu m'mphuno za mbewa zabwino, n'kuwadonthezera m'mphuno za mbewa zosamva fungo. Anakhazikika, anamera, ulusi unafika kuubongo. Mbewa zija zinayamba kuthawa zonunkha ngati zinzake.

Ndawerenga katatu. Chingerezi cholimba ngati mwala wa pansi, koma zithunzi ndazimva. Timadontho tobiriwira, tamoyo, m'mphuno yomwe inali yakufa. Ndalira, koyamba chiyambire.

A Conrad, mwana wa ku Katete: "Mbewa zimenezi tazidya zaka zonsezi osadziwa kuti ndi madokotala."

Gladness ati ba sisi musathamange, ndi mbewa chabe. Koma wandipezera tsiku kwa dokotala wa mphuno ku Ndola. Mbewa zatheka, ine ndilekerenji?

Lachiwiri, 14 Sepitembala.

Ndola. Minibasi ya 06 awazi, fumbi, dzuwa. Ba dokota Zipporah, wamfupi, magalasi pachipumi, Chibemba chothamanga, Chinyanja chopunduka. Kachubu ka kamera m'mphuno, misozi chuchuchu. Ndinaona m'kati mwanga pa sikilini. Mofiirira, moyera bwino, mopanda chotupa. Njira yotseguka, ati, vuto lili pa kachikopa kaja.

Ndinawaikira mapepala a Gladness patebulo. Ndinati ndidonthezereni, kapena ndiuzeni komwe amadontheza, kaya ku India, ndipita. Anawerenga mutu wokha, akuwadziwa kale. Ati kwa anthu sizinafike. Maselo a munthu wina thupi lingawakane, ndipo palibe akudziwa bwino chomwe angamere pafupi ndi ubongo chotero. Aliyense wondiuza kuti andibaya lero, ati, akufuna chikwama changa.

Ndinati ndiye ndabwereranji.

"Mbewa zija zinachita kupatsidwa chifukwa maselo ake anali olumala chibadwire. Inu muli ndi anu. Sitidziwa atsala angati, koma alipo. Ntchito yathu ndi kuwapatsa chifukwa chodzukira."

Chifukwa chake ndi ichi: mabotolo anayi, zinthu zinayi zomwe ndimazidziwa bwino. Kawiri patsiku, masekondi 20 lililonse, maso otseka, ndikukumbukira mmene chinkanunkhirira. Miyezi. Osalumpha. Lonjezo palibe.

Ndinapita kukafuna jekeseni, ndabwera ndi homuweki. M'minibasi ndinakwiya mpaka pa mlatho wa Kafue.

Komabe. Makoko a mandimu, masamba a bulugama, khofi, polishi wa nsapato. Mabotolo a jamu. Ali pashelefu.

Lamlungu, 26 Sepitembala.

Tsiku la 12. Mandimu zii. Bulugama zii. Onse zii.

Mkaka anunkhiza a Conrad. Ndiwo alawa a Conrad. Bulawuzi ndisanavale anunkhiza Temwani m'khwapa, mwana wa zaka 13, akuyesetsa kusaseka. Ulemu wanga uli kuti?

Amayi Racheal a ku Mvano andipatsa fodya wa mphuno pakhomo pa tchalitchi, m'kapepala, ngati katundu woletsedwa. Ati anachiza mlamu wawo. Ndayetsemula ka 19, Temwani wawerenga. Gladness wandikalipira pafoni ngati wamkulu ndiye.

Lachitatu, 13 Okutobala.

Mmawa mphepo inatembenuka, senta, utsi woluma wa kosungunulira kopa, anatsika pageti. Anthu kutsokomola, mipango kumaso. Ine ndinamumva! Kuluma m'mphuno, kuyabwa kukhosi. Ndinaima pakati pa msewu ndikukoka mpweya ngati wamisala. Mlonda ati bana Temwani, ndiko kuti amake Temwani, mwadwala?

Ndinaimbira Gladness. Ati ba sisi, umenewo ndi mtsempha wina, womva kuwawa, womwe umamva tsabola. Sunafe n'kale. Si fungo.

Ndinamuthokoza. Ndinadula. Nyale 300 zoti ndipukute.

Madzulo mabotolo. Sindinalumphe.

Loweruka, 30 Okutobala.

Chabwera. Koma chabwera choipa.

Ndimakazinga anyezi. Mwadzidzidzi fungo, lenileni, lamphamvu, tayala lopserera losakaniza ndi ngalande ya chimbudzi. Ndinazimitsa sitovu, ndinafufuza nyumba yonse. Temwani ati amama, ndi anyezi chabe, akununkhira bwino.

Khofi chimodzimodzi. Nyama yowotcha ya aneba chimodzimodzi. Mankhwala otsukira mano. Mazira. Zonse fungo limodzi, lomwelo la tsiku la moto lomwe sindinalimve. Ndasanza kawiri. Ndadya mbatata yozizira ndi madzi.

Miyezi inayi ndikupempha Mulungu fungo. Ndikanatchula lake.

Lachinayi, 4 Novembala.

A Conrad nawo. Khungu lawo, mpweya wawo, pilo wawo. Akayandikira, mseru. Ndinayesa kubisa masiku atatu, ndiye ndinakumbuka komwe kubisa kunandifikitsa. Ndawauza.

Anasamba kawiri, anasintha malaya, anabwera. Chimodzimodzi. Anaima pakhomo la kuchipinda ndi thaulo paphewa.

"Zaka fifitini, amake Temwani. Lero ndayamba kununkha."

Ndasamukira kwa Temwani, matiresi pansi. Iwo achoka kupita kugalaja osadya. Munthu amene anandiphikira phala milungu itatu ya korona.

Mabotolo ndawayang'ana ndi chidani. Ndanunkhizabe. Khofi ndinathawira panja.

Lachiwiri, 16 Novembala.

Ndola. A Conrad anapempha tsiku kugalaja, anandiperekeza pagalimoto, mawindo onse otsegula, ulendo wonse mawu osapitirira khumi.

Ndinafotokoza ngati wonena maliro. Ba dokota Zipporah anatsitsa magalasi, anaomba m'manja kamodzi. Ati ndiyo nkhani yabwino yomwe amva sabata ino.

Mitsempha yatsopano yabadwa. Maselo anga, a ine mwini. Chakufa sichinunkhitsa kanthu, ati, ngakhale choipa. Kungoti yamera yochepa, ndipo ulusi wina ukufika kuubongo pakhomo lolakwika. Anatembenukira kwa a Conrad, ati inu amakanika, mukalumikiza mawaya a galimoto mosemphanitsa chimachitika n'chiyani? Iwo ati ukayatsa nyale, hutala ndiye amalira. Ati basi. Batire ndi yamoyo. Akazi anu sakukukanani, mukulira hutala chabe.

A Conrad anaseka mpaka kupukuta maso. Ine ndinalira. Namwino anasuzumira.

Timitengo: 5 pa 16. Mu Ogasiti 2.

Pobwerera tinaima ku Chifubu kwa amayi. Ndinawauza kuti m'mutu mwanga mukumera zinthu. Ati bola zikhale zanzeru.

A Conrad agula sopo wopanda fungo. Anyezi aletsedwa m'nyumba, lamulo lawo, osati langa.

Lachinayi, 9 Disembala.

05:40. Botolo loyamba, maso otseka, maganizo ali pa basi.

Mandimu.

Osati tayala. Osati kukumbukira. Mandimu enieni, owawasa, obiriwira, kumwamba kwa mphuno kumanzere. Masekondi awiri, mwina atatu. Kenako zii.

Ndinakhala pansi pasimenti. Ndinaitana a Conrad ndi dzina lawo lokha, chinthu chomwe sindichita. Anabwera ndi nsapato imodzi. Ndinangowalozera botolo. Ananunkhiza, ati inde, mandimu, ngati akuchitira umboni kukhoti.

Kuntchito ndinapereka nyale ndikumwetulira. Wina ati bana Temwani akwezedwa pantchito. Nambala 217 anatenga yake, anaona nkhope yanga, anapita.

Lolemba, 13 Disembala.

Masiku atatu zii. Mantha. Lero mandimu abwerera, akhala mpaka ndatseka botolo. Bulugama pang'ono, ngati munthu woitana ali tsidya la msewu.

Mvula usana wonse. Dothi lonyowa sindinalimve. Lidikire, ndikubwera.

Loweruka, 8 Januwale 2022.

Mayeso a kukhitchini. A Conrad andimanga chitenje kumaso, Temwani alemba. Mandimu, bulugama, polishi, palafini, mango, sopo wochapira, chikanda: ndapeza. Khofi akadali tayala, koma tayala lomwe ndikulidziwa kuti ndi khofi. Nthochi ndati sopo. Kapenta ndati maluwa, nyumba yonse pansi ndi kuseka.

Ku Ndola Lachiwiri lapitali: 9 pa 16. Ba dokota asintha mabotolo, manje jinja, vanila, nanazi, utuchi wa mtengo wa mukwa.

Matiresi abwerera pamalo pake. Ine ndabwerera kuchipinda kwathu. Hutala akulirabe, koma chapatali.

Masabata asanu. Timitengo titatu tikusowa.

Loweruka, 15 Januwale.

Ndinaganiza: mandimu sadzandipulumutsa pansi. Chofunika ndi sitenchi. Ndinapempha kwa abwana a chigawo cha mpweya, poyera, ndi kalata. Anandipatsa kansanza kopukutira pakamwa pa silinda, m'botolo, botolo m'chitini, chitini m'mapulasitiki atatu.

Ndinatsegulira kuseri kwa nyumba. Nkhuku zinathawa. A Conrad anatuluka atagwira mphuno, Temwani anatseka mawindo. Aneba, bana Collins, anafuula pampanda kuti kwafa galu, tiitane a khonsolo.

Ine ndinamva. Mwamphamvu. Koma osati kabichi wowola. Kwa ine ngati shuga wopserera wothira pa mazira owola. Cholakwika, koma chake chokha, chosafanana ndi china chilichonse.

Ndinafunsa ba dokota pa meseji ngati cholakwika chiwerengedwa. Yankho: "Belu likalira mawu achilendo, bola mudziwe kuti ndi belu."

Chitini chili m'khola la nkhuku. Kamodzi pasabata, aneba akapita kutchalitchi. Bana Collins ndawapititsira mazira, ndawafotokozera. Ati Mulungu akuthandizeni, koma muzichenjeza.

Lachinayi, 10 Febuluwale.

11.

Kasowa kamtengo kamodzi kokha. Kamtengo komaliza ndinati chikopa, kanali utsi. Ndinadziwa pomwe mawu ankatuluka.

Madokotala atatu, ndi mayi Josephine a ku ofesi ya antchito. Wapampando anatseka faelo, ati lamulo ndi 12. Ndinapereka kalata ya ba dokota Zipporah. Anaiwerenga mokweza: 2, 5, 9, n'kuwonjezera okha 11 ya lero. Mitsempha ikadali panjira, musaweruze mbewu isanakhwime. Wapampando ati mawu abwino, koma pansi pali anthu 42, osati mmodzi. Ananena zoona.

Ndiye mayi Josephine anatulutsa pepala lina, lolemba pamanja. Ati kapitawo wa shifiti anafunsidwa maganizo, monga mwa dongosolo. Anawerenga. Mumupatse masabata eyiti. Mumuyeze ndi timitengo, komanso ndi sitenchi yeniyeni m'ngalande yophunzitsira, osamuuza nthawi. Ndidzakhalapo ndekha. Akalephera, ndidzasaina ndine.

Anakambirana ine ndili panja pabenchi. Mphindi 25. Avomera. 7 Epulo.

Lachisanu, 11 Febuluwale.

Nambala 217. Ndinagwira nyale osaisiya. Ndinati natotela, zikomo, ba Jairus. Ndinati pepani, pepani wa ana folo aja, yemwe sindinamunene bwino mu Ogasiti.

Anayang'ana nyale, osati ine.

"Sindinaiwale. Koma amene anamuika m'malo mwanu sadziwa kuwerenga mpweya. Tikupsa kum'mawa."

Anakoka nyale. Atafika pakhomo anatembenuka, ati ndamva mukuchiritsidwa ndi mbewa, inu a kum'mawa simudzasintha. Mbemba akayamba kukunyoza za mbewa, ndiye kuti chibale chabwerera. Ndinati bola ife, inu odya anyani, anyaniwo anakuchiritsani chiyani? Mzere wonse unaseka. Iwonso, pang'ono, ndi mbali imodzi ya pakamwa.

Lamlungu, 20 Malichi.

Mvula yomaliza. Dothi ndalimva. Ndinaima pakhonde mpaka nthawi ya tchalitchi kupita.

Vuto latsopano: nthawi zina fungo la tayala limabwera lokha, popanda chinthu. Ba dokota ati likabwera ndinunkhize mkono wa malaya anga, ndipume kasanu. Labodza limachoka, loona limakhala.

A Conrad akununkha girizi, sopo ndi thukuta. Conrad weniweni. Ndawauza. Achita manyazi ngati mnyamata wofunsira.

Lachinayi, 7 Epulo.

13 pa 16! Ndilembenso. 13.

Kenako ngalande yophunzitsira, kuseri kwa shafuti yakale. Ovolosi, chisoti, nyale, chopumira palamba. Miyezi eyiti osavala. Lamulo: ndiyende maulendo atatu mpaka kumathero, ndikuyeza mpweya ngati tsiku wamba. Athira paulendo umodzi, pang'ono chabe, mwina osathira konse. Ndikachedwa, ndalephera. Ndikathawa popanda kanthu, ndalepheranso. Ba Jairus pakhomo ndi wotchi, wa chitetezo pambali pawo.

Ulendo woyamba, pakati, tayala. Dzanja linafika pachopumira. Ndinaima, mphuno pamkono, kupuma kasanu. Linachoka. Ndinapitiriza.

Wachiwiri, zii. Ndinayamba kuganiza kuti athira kale, ndaphonya, akungondimvera chisoni.

Wachitatu, ndikulemba nambala. Shuga wopserera. Kochepa, ngati kamphepo kuseri kwa khutu. Mkono, kupuma kawiri, kakukula. Sindinadikire kasanu. Buku pansi, chopumira kukamwa, kuyenda mofulumira osathamanga, monga ndimaphunzitsira ena. Chitseko cha chipinda chobisalamo, kutseka, foni. Ndinatchula dzina langa ndi malo.

Mawu a ba Jairus pafoni: "Masekondi 48. Ine ndinamva pa 55."

Nditatuluka ndinasanza paudzu, ndikuseka. Wa chitetezo anasaina. Ba Jairus anasaina, anandipatsa dzanja.

Ndinaimbira Gladness, anakuwa m'kalasi, amutulutsa. Ba dokota Zipporah ati ndiwatumizire chithunzi cha pepala, akufuna kuonetsa odwala ena omwe atopa ndi mabotolo pa sabata yachitatu. A Conrad abwera ndi nkhuku ndi anyezi thumba lonse. Anyezi akadali theka anyezi, theka tayala. Ndadya.

Lachiwiri, 19 Epulo.

Ndatenga nyale kunja kwa windo. Nambala yanga yakale, 188.

Keji kutsika, makutu kutseka. Ndinali nditaiwala kuti mgodi uli ndi fungo. Mwala wonyowa. Dizilo. Utsi wa mabomba a dzulo, wotsekemera pang'ono. Dzimbiri. Anthu 42 m'bokosi limodzi, wina wadya kapenta, ndipo si maluwa.

Kum'mawa kunali kotenthadi. Chitseko cha mpweya chosatsekeka bwino, chinsalu cha paipi chong'ambika malo awiri. Miyezi yonseyi. Pofika 14 awazi takonza, kutentha kwatsika, anyamata a makina obowola andiimbira m'manja ndi magolovesi, phu phu phu.

Obwera kumene asanu Lachisanu. Ndapempha kuti phunziro la sitenchi ndiphunzitse ndine, ndiyambe ndi nkhani yanga, yonse, ndi bodza lomwe. Avomera.

Gladness ati akamaliza akufuna kuphunzira za mphuno. Ati tsiku lina madontho aja adzafika kwa anthu, kwa omwe maselo awo anatheratu, ndipo pafunika wina kuno wodziwa kudontheza.

Lachinayi, 12 Meyi.

Masiku anayi mseru mmawa. Dizilo kundipweteka kuposa kale, sopo wa m'bafa, ngakhale mpunga. Zonse zamphamvu kwambiri. Ndinati basi, zabwerera, mawaya asokonekeranso. Sindinadikire. Ndinauza ba Jairus tisanatsike, ndinabweza nyale, ndinaimbira ku Ndola.

Ba dokota anafunsa ngati zinthu zikununkha molakwika. Ndinati ayi, molondola, koma mopitirira. Ndiye ati mwezi munauona liti? Ndinayamba kuwerenga pa zala, pakhonde la chipinda cha nyale, anthu akudutsa. Malichi.

Kukiliniki ya kampani. Mizere iwiri. Zaka 38. Temwani ali ndi 14 mwezi wamawa, ndipo tinasiya kuyembekezera kalekale, tinasiya ngakhale kukambako.

Woyembekezera satsika. Lamulo. Masabata atatu okha pansi, ndakweranso. Namwino ankaganiza kuti ndikulira, ndinali kuseka. Mayi Josephine ati malo anga andisungira, alemba, ndaona ndi maso. Ba Jairus anangogwira chisoti ndi manja awiri, ati mwe Lesa, Mulungu wanga, kum'mawa tipsanso.

Gladness sindinamuuze. Amayi sindinawauze. Pabanja, woyamba akhale mwini wake.

17:20. Ndaphika, ndasamba, ndasintha diresi kawiri. Galimoto yalowa pageti, utsi wake wafika kuno kukhitchini injini isanazime. Akutseka chitseko. Akuimba mluzu. Ndiyambira pati, ndinene kuti a Conrad, khalani pansi, kapena